Khadi limene ndinawasankhira alamu

Kuyambira pa Madisi mpaka kukafika ku Kasakula, chikwangwani chilichonse chooneka bwino m'zaka zimenezo ndinalemba ndine. Funsani aliyense wa msinkhu wanga. Zigayo, magolosale, mabutchala, nyumba zomwera tiyi, ngakhale kumbuyo kwa ngolo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, sindibisa ayi. Mwini malo ankandilembera mawu ake pakapepala, ine n'kumakopera pathabwa chilembo chimodzichimodzi. Anthu ophunzira akaona mawu amathamangira tanthauzo. Ine ndinkaona miyendo ya chilembo, mimba yake, ndi pamene chapindikira.

Matipate atabwera ndinadya bwino. Chipani ichi chikufuna nsalu yolembedwa m'mawa, icho chikufuna nkhope ya munthu wawo pakhoma masana. Onse ndinkawalandira. Penti alibe chipani.

Ndiye kunabwera alamu anga, amuna a mlongo wanga wamng'ono. Anali kalaliki ku Lilongwe zaka zambiri, ndipo atapuma ntchito anabwerera ndi kompyuta yakale imene ofesi ina inkagulitsa potaya. Malo onse a pa Madisi osawaona, anakachita lendi chipinda moyang'anizana ndi khonde limene ine ndinkagwirirapo ntchito. Moyang'anizana penipeni! Ndikatukula mutu kuti ndiviike burashi, ndi awo, tayi pakhosi, magalasi awo ochindikala pamphuno, akugogoda ndi zala ziwiri ngati nkhuku ikutola mapira.

Anthu anayamba kuwoloka msewu. Makalata oitanira ku ukwati, zidziwitso za mpingo, mitengo ya katundu wa m'sitolo, zonse kwa iwo. Azimayi ankaima pakhomo kungoonerera, ena madengu ali pamutu. Munthu amene dzulo ankamutchula kuti mlamu wake wa wopenta uja, lero akuti abwana a kompyuta. Ine zaka zonse zija ndakwera makwerero, ndagwa kawiri, chisanu cha kumapiri a Ntchisi chanding'amba milomo ndikulemba pakhoma la chigayo, palibe anandiitanapo bwana. Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti mkazi wanga yemwe, atandibweretsera mbatata yootcha, anaisiya pathabwa n'kuwoloka kukasuzumira. Anabwerako akuti, "Koma zinthu zija n'zodabwitsa, bambo." Mbatatayo sindinaidye.

Koma makina aja anali ndi nthenda yake. Pagalasi pake zilembo zinkaoneka ngati zili m'nkhungu, ndipo chithunzi cha munthu chinkatuluka mawangamawanga. Alamu ankachita kufinya maso, misozi ili chuchuchu, n'kumalakwitsa mawu osaona. Chisankho chachiwiri chikuyandikira, mkulu wina wolima fodya amene ankafuna uphungu anabwera ndi chithunzi chake pa kadisiki, kuti amupangire mapepala omata m'mitengo. Alamu atachitsegula pagalasi, nkhope ya mkulu uja inali ngati yagwidwa zipere. Anayesa kumuuza kuti papepala zidzatuluka bwinoko, iye anakana.

"Ndikhulupirire chimene sindikuchiona? Adani anga aziti ndikudwala!"

Anatuluka, n'kuwolokera kwa ine ndi nsalu zoyera zitatu, kuti ndimulembere ndi kumujambula pamanja. Tsiku limenelo ndinaimba mluzu mpaka dzuwa kupendeka, dala, kuti umveke kutsidya.

Pa Madisi panali bambo wina wachisilamu wokonza mawailesi ndi mavidiyo, munthu wofatsa, wa kandevu koyera. Alamu anamuitana. Bamboyo anatsegula mimba ya kompyuta ija, ine ndili pakhomo ngati wongodutsa.

"Galasili lilibe mlandu," anatero. "Vuto ndi khadi. Pakufunika khadi lina."

"Khadi?" ndinafuula. "Mesa makhadi tinathana nawo? Zaka zonse zija kutiimitsa pachipata cha msika ndi pokwera basi, ati onetsani khadi la chipani, lero ndi makina omwe akufunsidwa khadi?"

Anthu anaseka, iye anangomwetulira. Anasolola kathabwa kobiriwira, kodzaza tizitsulo, n'kundionetsa. Anati kameneka ndi kamene kamatumiza zilembo ndi zithunzi kugalasi, ndipo kakakhala kofooka galasi limaonetsanso zofooka. Latsopano alamu sakanalikwanitsa, ndalama zawo zopumira ntchito zinali zitathera pa makinawo. Choncho wokonza uja analonjeza kukafunafuna akale ku Lilongwe.

Anabwera nawo awiri, a mtengo wofanana, kuti alamu asankhepo limodzi. M'mawa mwake mlongo wanga anawoloka msewu n'kudzakhala pansi pafupi ndi zitini zanga za penti.

"Achimwene, maso a alamu anu mukuwadziwa. Akalakwitsa pano, pogula kachiwiri palibe. Tabwerani mudzawaonere."

"Bwanji osabwera okha kudzapempha?"

"Akuchita manyazi."

"Manyazi a chiyani? Si abwana?"

"Achimwene, ndagwira mwendo."

Ndinapita. Koma ndinene zoona, poti ndakalamba ndipo wondimanga palibe: powoloka msewu uja ndinali nditapangana kale ndi mtima wanga kuti loipalo ndilo ndikawalozere. Nsalu zitatu zija zinali pakhonde langa, ndipo ndinkadziwa kuti galasi likangoyera, mwini wake abwerera kutsidya, ena onse n'kumutsatira.

Khadi loyamba linali lalikulu, m'bokosi lonyezimira lojambulidwa ndege yankhondo. Linalo linali kakang'ono, kopanda bokosi, kokulungidwa m'nyuzipepala ngati mandasi. Ndinapeza alamu atalifungatira kale la m'bokosi lija, akulisisita.

Wokonza anati nditchule mawu oti tiyesere. Ndinati alembe ng'ombe. Mawu amenewo ndawalemba pa mabutchala osawerengeka, ndikhoza kuwalemba nditatsinzina. Anawalemba mzere wathunthu, akuluakulu ndi ang'onoang'ono, n'kuika nkhope ya mkulu wa fodya ija pambali.

Anayamba ndi lalikulu. Mitundu inawala ngati chitenje chatsopano, zipere zija zinatheratu, anthu pakhomo anati, "Eee!" Ine ndinayang'ana zilembo. Chilichonse chinali ndi kamthunzi kudzanja lamanja, ngati penti amene wachuluka madzi n'kuyenderera. Kachizindikiro kaja kokhala pamwamba, pakati pa g ndi o, kanali katamatirira ku g. Diso la e linali lotsinzina.

Anazimitsa, n'kuikamo kakang'ono. Mitundu sinawale kwambiri chotero, koma nkhope inali ya munthu, khungu lake lenileni, mpaka kachipsera ka pachibwano. Ndiye zilembo! Ndagwira burashi kuyambira ndisanakwatire, koma m'mphepete mowongoka chotero sindinakhozepo. Kachizindikiro kaja kanaima pakokha, kamchira kake kakuoneka. Kathabwa ka m'nyuzipepala, kopanda manja, kundiposa ine?

"Nanga alamu, mwaona bwanji?" anafunsa alamu.

"Lalikululo," ndinatero. Mawu anatuluka otsika, ine amene ndikamalankhula pamsewu a kuchigayo amandiyankha.

Wokonza anandiyang'ana kanthawi. Kenako anasolola kakang'ono kaja n'kuyamba kukakulunga. Alamu anaomba m'manja, n'kutembenukira kwa anthu a pakhomo.

"Mwamva nokha! Ine ndinaona kale kuti ndi limeneli. Mumati maso anga ndi ofooka, koma taonani, ine ndi alamu angawa tikuona chimodzimodzi. Maso athu ndi amodzi!"

Amodzi? Maso anga ndi awo? Pakhomo paja panali mwini chigayo, panali azimayi a pamsika, anthu oti mawa lomwe nkhani ifika ku Mtengowanthenga kuti wopenta uja maso ake anafanana ndi a kalaliki amene amapatsa moni chitsa. Ntchito anandilanda, ulemu anandilanda, tsopano afuna ndi diso lomwe?

"Bodza!" ndinakuwa, mpaka mlongo wanga anadzidzimuka. "Tamasulani nyuzipepalayo! Koma muyambe mwabwezera lalikululo, aone bwino anthuwa!"

Analibwezera. Ndinasolola burashi m'thumba n'kuloza pagalasi ndi chigwiriro chake.

"Alamu, tamasulani tayiyo, mwina magazi afike kumaso. Ichi n'chiyani? Ng'ombe yanuyi nyanga yake ili kuti? Yamira mu g! Nanga e uyu akugona kapena wamwalira? Taonani mthunzi uwu, chilembo chilichonse chabereka mwana kumbuyo. Ine nditalemba chonchi pa butchala, mwini wake angandithamangitse ndi chikwanje!"

"Ine sindikuona mthunzi, alamu."

"N'chifukwa chake munandiitana!"

Ndinamuuza wokonza kuti asinthenso. Kakang'ono katalowa ndinaitana mwini chigayo kuti ayandikire, ndinaitana ndi azimayi omwe. Ndinawaonetsa nyanga itaima payokha, diso la e lili tong'o, miyendo itatu ya m yosiyana bwinobwino ngakhale pa zilembo zazing'ono zija. Mayi wina anati, "Zoonadi, izi zayera." Alamu anayandikitsa mphuno pagalasi, anavula magalasi, anavalanso.

"Apa misozi sikutuluka," anatero pang'onopang'ono. "Koma nanga poyamba paja munati lalikulu?"

"Ndimakuyesani!"

Mlongo wanga anandiyang'ana monga ankandiyang'anira tili ana ndikaba mtedza wake. Anadziwa.

"Akunena zoona bambowa," anatero wokonza. "Lalikululo analipangira masewera a pakompyuta, zinthu zothamangathamanga. Pa ntchito ya zilembo ndi nkhope, kakang'onoka. Abwana, ndinakuuzani dzulo, inu munakonda bokosi."

Alamu anatenga kakang'ono. Pobwerera kukhonde langa anthu ankandiyamikira, ine ndikuyenda chifuwa patsogolo, koma m'kamwa mukuwawa ngati ndatafuna fodya waiwisi. Ndinali nditadzikumbira dzenje ndekha, ndi pakamwa panga pomwe, anthu akuonerera.

Sabata isanathe mkulu wa fodya anapita kukaona nkhope yake pagalasi lija. Anakhalitsa m'menemo. Potuluka anabwera kwa ine, akusisita kachipsera kake ka pachibwano.

"Nsalu imene mwayamba ija malizani," anatero. "Ziwirizi nditenge, mayi akasoke makatani. Mapepala andipangira alamu anu. Ndamva kuti khadi lija munasankha ndinu."

"Ndine! Mukanafuna asankhe ndani?"

Anapinda nsalu zake n'kupita. Ofuna uphungu ena anamutsatira, kenako a mipingo, kenako ndi a mabutchala ena amene anayamba kumata mapepala pazitseko m'malo mondiitana. Makoma ndi ngolo ndi zimene zinanditsalira, poti ngolo sungailowetse m'makina.

Mlongo wanga anabwera ndi tambala wothokozera. Ndinamulandira, tambala sanalakwe. Koma alamu, mpaka pamene anadzatseka chipinda chija chifukwa cha ukalamba, mlendo aliyense woyamikira kuyera kwa galasi lawo ankamutulutsa panja, n'kumulozera kutsidya kwa msewu. "Khadi limeneli anandisankhira alamu anga aja, diso lawo palibe wina kuno." Mlendo ankandiweyulira dzanja. Ine ndinkaweyulanso, nditakhala pachitini cha penti, burashi itauma m'manja.