Zoyera m'mimba mwa utaka

Zaka zambiri ndinkayendetsa boti la alendo pa loji ina kufupi ndi Kande. Ndinkapita nawo ku kachilumba ka miyala yokhayokha, kopanda munthu, komwe nkhwazi ziwiri zinamanga chisa mumkuyu. Ndikaimba mluzu n'kuponya utaka, imodzi inkatsika kudzautola alendo akujambula.

Nsomba yakufa imamira. Choncho tinkailowetsa kabango kouma kukamwa kuti iyandame. Nkhwazi imadya mnofu, bango n'kulitaya.

Kenaka kunabwera manijala watsopano wochokera ku Lilongwe. Anati bango likuipitsa zithunzi. Anandipatsa zidutswa za chinthu choyera chopepuka chija amatchingira firiji yatsopano m'katoni.

"Madala, izi muzikankhira m'mimba mwa nsomba. Sizioneka."

"Bwana, zimanyenyeka izi. Ndipo pachisa pali mwana."

"Mbalame si yopusa. Inu yendetsani boti, za zithunzi mutisiyire."

Ndinamvera. Masabata atatu ndinkakankhira zoyerazo ndi chala changa, n'kumaona nkhwazi ikunyamula nsomba kupita nayo kuchisa.

Tsiku lina ndinaimba mluzu mpaka kukhosi kuuma, nkhwazi osatsika. Ndinakocheza boti, alendo n'kuwasiya momwemo, ndi kukwera miyala. Mwana wa nkhwazi uja anali gone pansi pa mkuyu, wakufa, atamera kale nthenga zoulukira. Pambali pake panali ng'anzi, itamung'amba pamimba. Inandiyang'ana, n'kuchoka mosafulumira. M'matumbo munali timibulu toyera, todzaza ngati mpunga.

Ndinatitolera m'kansalu, n'kukatikhuthulira patebulo pa manijala, pambali pa tiyi wake.

"Nanga izi n'chiyani?"

"Katundu wanu, bwana. Ndamupeza mwa mwana uja."

Anatisesera pansi ndi pepala. "Nkhwazi zatha m'nyanja muno? Ngati izo zathawa, tipezereni zina. Inu ndinu mwana wa kuno, mukudziwa malo."

Ndinkadziwadi. Chisa china chinalipo, ndipo chilipobe. Ndinati sindikudziwa. Anandifunsa kachiwiri, ndinayankha chimodzimodzi. Anati woyendetsa boti wosadziwa nyanja alibe naye ntchito, ndipo mwezi utatha boti analipereka kwa wina.

Pano ndimalima chinangwa ku Tukombo. Manijala uja anasamukira ku loji ina, akuti anamukweza. Ndikamukumbukira mtima umatenthabe, koma iye sanagwirepo utaka ngakhale umodzi. Amene ankadziwa n'kumakankhirabe ndine. Anyamata a maboti amabwera kudzandinyengerera kuti ndiwalozere chisa chinacho. Ndimawapatsa mpando, timacheza za mphepo, n'kuwaperekeza.