Khadi la Ndoumbé

Mbagnick Thiaw, telala wa ku Guédiawaye, adakwera basi limodzi ndi mkazi wake Ndoumbé kwa zaka makumi atatu, iye kupita ku shopu yake ku Parcelles, mkaziyo kukagulitsa nsomba zouma pamsika wa komweko. Kale kunali makondakitala odziwa nkhope za anthu. Akuluakulu adawachotsa n'kuika timakina pachipata cha siteji. Ugunditse khadi, kalire, chipata chitseguke. Kamakina sikafunsa kuti kunyumba mwadzuka bwanji.

Ndoumbé atamwalira, Mbagnick sadataye khadi la mkazi wakeyo. M'mawa uliwonse ankagunditsa lake, kenako la malemu, n'kupatuka pang'ono kuti malemuwo adutse. M'basi ankasiya mpando wa pawindo. Ena ankadandaula, ena ankamuseka kuti madalawa akusungira malo mkazi wachiwiri.

Lachinayi lina m'basimo mudakwera woyendera makhadi, mayi wa yunifolomu dzina lake Khoudia. Mbagnick adapereka onse awiri, poti kubisa kanthu sadakuzolowere. Kamakina ka mayiyo kadaonetsa nkhope ya Ndoumbé atavala duku lake lobiriwira.

"Eni ake ali kuti, bambo?"

Mbagnick adaloza pawindo. Mayiyo adayang'ana mpando wopanda munthuwo nthawi yaitali, kenako adafotokoza motsitsa mawu kuti khadi lolembedwa dzina limayenda ndi mwini wake, ndipo lamulo likuti alilande. Mbagnick adatsutsa kuti sadabepo ulendo ngakhale umodzi. Mayiyo adavomera kuti n'zoona, koma khadilo adaliponya m'thumba. Amene adalemba lamuloli sadaikepo maliro a mkazi.

M'mawa mwake Mbagnick adagunditsa lake lokha. Kamakina kadalira kamodzi, chipata n'kutsekeka kumbuyo kwake. Adangoima chilili, maso ali kunja.

"Madala, mukudikira ndani? Basi ikupita iyo," adatero munthu wina pasitejipo.

"Ndoumbé sangalowe osalipira. Simumudziwa inu."

Adatulukanso. Anzake adamulangiza kuti angogula khadi lina lopanda dzina, koma iye adati Ndoumbé sangayendere khadi losakhala lake.

Chiyambire tsikulo amapita ku Parcelles wapansi, maola awiri, ndi maondo ake otupa. Shopu amatsegula dzuwa litakwera, ndipo makasitomala ambiri adamuthawa. Mukakumana naye m'mphepete mwa msewu mudzaona kuti akuyenda padzuwa, mbali ya mthunzi waisiya.