Che Faruku ndi Kabokosi Koyeza Mpweya pa Songani

Che Faruku anabadwira ku Naisi, n'kukakwatira ku Malemia mwana wa Abiti Yunusu, dzina lake Nasima. Chikamwini chinawakanika. Khasu akuti limatupitsa manja, ndiye anatenga mkazi kukakhala pa Songani, m'kanyumba ka lendi kuseri kwa msika. Anayesa kabaza, anayesa kuitanira minibasi, anayesa kugulitsa mayunitsi, chilichonse mwezi osatha. Chimene sanasiyepo ndi kuvala malaya oyera ndi kupukuta nsapato.

Kanyumbako kanayang'anizana ndi dzala la msika, pamene amatenthapo majumbo, makoko a nzimbe ndi matayala akutha. Mwana wawo Munira, wa zaka zinayi, m'chifuwa munkalira ngati kamwana ka mphaka. Kuchipatala anati ndi mphumu, mwanayu atalikirane ndi utsi.

Chaka chatha kunabwera anthu a bungwe lina la ku Zomba ndi timabokosi toyeza kuipa kwa mpweya. Kena anakamangirira ku Naisi, kena pa Songani, papolo pafupi ndi dzala lija. Ananena pamaso pa anthu kuti kabokosi kamakoka mpweya pa timabowo take n'kutumiza manambala ku ofesi, ndipo kumene utsi upezeke wochuluka, khonsolo idzachotsako dzala. Tsiku limenelo Nasima anaphika mpunga.

Panafunika munthu woyang'anira kuti ana asamakagende. Alendowo ataona malaya oyera, anasankha Che Faruku. Eee, munthu kusintha ndi mayendedwe omwe! Ku mzikiti anayamba kulowa mochedwa kuti anthu acheuke. Pa siteji akamacheza ankati, "Ife a zasayansi."

Tsono kuno chinthu chodula sichisiyidwa pafumbi. Wailesi amaifunditsa kansalu koluka, TV chimodzimodzi. Che Faruku ataona kuti kabokosi kayamba kuda ndi mwaye, mtima unawawawa. Anakakulunga m'jumbo, kumanga ndi mphira, pamwamba n'kuyalapo kansalu ka pawailesi.

"Bambo a Munira, mwakatseka mphuno, kanunkhiza bwanji?" anafunsa Nasima.

"Iwe za makina unaphunzira kuti? Katundu wa alendo ameneyu. Ukufuna adzapeze ali bii, aziti a pa Songani ndi auve? Anyamata a ku Naisi atiseke?"

"Atiseke, bola mwana apume."

"Pita ukaphike."

Nasima ankati akachotsa jumbo lija, mwamuna ankabwezerapo lina. Akamva kuti a bungwe akubwera, Che Faruku ankalawirira kukavundukula kabokosi, kukapukuta, kusesa pansi pake, n'kukapempha otentha zinyalala kuti lero lokha ayi, kuli alendo. Nasima akayandikira kuti alankhulepo, ankamutuma kukawiritsa tiyi. Alendowo ankachoka akuyamikira ukhondo.

Mvula itayandikira, zotsatira zinalengezedwa pamsika. Mpweya wa pa Songani akuti ndi wabwino ngati wa pamwamba pa phiri la Zomba. Dzala lochotsedwa likhala la ku Naisi.

Che Faruku anathamangira kunyumba mano onse pamtunda.

"Mayi a Munira, tawina! A ku Naisi tawaposa!"

Pakhonde anapeza apongozi awo, Abiti Yunusu, atabereka Munira kumbuyo, mwana akutsokomola mpaka misozi. Katundu anali atamangidwa kale m'zitenje. Mayi wamkuluyo sanamuyang'ane mkamwini. Anapenya kukhoma n'kulankhula ndi mwana wawo.

"Nasima, uwauze amuna akowa kuti ndamva, awina. Uwauzenso kuti ine sindinabereke mwana woti mdzukulu wanga afere ulemu wa kabokosi. Nyamula mtolo uwo."

"Amayi, tikambirane kaye," anatero Che Faruku, atanjuta.

"Uwauze kuti ku Malemia njira akuidziwa."

Anakwera minibasi ya ku Liwonde atatuwo, ulendo wa ku Malemia. Munira pano amathamanga ndi anzake m'minda ya chinangwa, chifuwa chili zii. Bambo ake sanapondeko. Akuti sangachoke pa Songani chifukwa a bungwe angabwere ndi satifiketi iwo palibe.