Jumbo ya Buledi Imene Ndinabweza Padoko

Mankhwala a amuna anga ndinkawasunga pamfundo ya chitenje choberekera mwana. Adokotala ndiwo anati ndizisunga ine, koma malowo ndinasankha ndekha. M'nyumba mwathu mulibe chotseka ndi loko, ndipo ndinkadziwa kuti munthu sangamasule mfundo imeneyo popanda kugwetsa mwana.

Amuna anga ndi asodzi. Nthawi imeneyo ankakoka ukonde wa chilimira m'boti la eni ake ku Senga Bay. Ine kwathu ndi kumtunda, kwa Maganga, ndipo kunyanja kuno ndinabwera ndi ukwati. Sindine wolankhulalankhula. Sukulu ndinalekezera panjira, ndipo pagulu, makamaka pa azibambo, mawu amandithawa.

Zinayamba ndi msana. Unkawapweteka chifukwa chokoka ukonde, ndiye anzawo a m'boti anawapatsa makapisozi a tramado. Ululu unaleka, mphamvu zinabwera. Kenaka kamodzi sikankakwanira. Pamene mwana wathu ankayamba kukhala pansi, iwo anali akumwa ngati mtedza. Tsiku lina anagwa m'boti n'kuyamba kuphupha ngati wodwala khunyu. Akanapanda kugwidwa miyendo kuti asagwere m'madzi, bwenzi ndikulemba izi ndili wamasiye.

Kuchipatala kutauni tinapeza adokotala achizimayi. Anawafunsa amuna anga mafunso ambiri, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Mayi, tayang'anani kuno, pansipo palibe chimene mwataya. Bambowa thupi lawo linazolowera. Akasiya lero lomwe adwala kwambiri, choncho tiziwachepetsera pang'onopang'ono. Mankhwala awa muziwapatsa inuyo, pa nthawi yake, osawonjezera ngakhale alire. Awa ndi oletsa kutsegula m'mimba, awa a kuphwanya kwa thupi. Madzi a Thanzi azimwa pafupipafupi. Ndipo mumve bwino: akachepetsa chonchi n'kubwereranso kumwa ambiri ngati kale, akhoza kugwanso, mwina osadzukanso. Mwamva?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndikufuna mawu."

"Ndamva," ndinatero.

Wotchi ndilibe, ndipo foni inali ya iwo. Choncho nthawi ndinkayidziwa ndi azana, kuitana kwa kumzikiti. Akaitana m'mawa, ndimasule mfundo. Akaitana masana, ndimasulenso.

Sabata loyamba linapita bwinoko. Titabwerera kuchipatala n'kuchepetsedwanso mlingo, ndi pamene ndinaona zimene adokotala ankanena. Amuna anga ankayasamula kosalekeza, mamina ali chuchuchu, misozi ikutuluka koma sakulira. Dzuwa la ku Salima likuswa mtengo, iwo ali m'bulangete, tsemwe thupi lonse. Miyendo sinkakhazikika. Ankagona pamkeka, kudzuka, kuzungulira nyumba, kugonanso, kuthamangira kuchimbudzi. Azana isanamveke anali atayamba kale kundiyang'ana pachifuwa, pamene panali mfundo.

"Amake mwana, kodi aja sanaitane?"

"Sanaitane."

"Aitana iwe uli kumjigo."

Ndinkangowapatsa kapu ya Thanzi.

Anthu ankabwera kudzazonda, monga zimakhalira. Ambiri ankati ndi malungo. M'mawa wina kunabwera asiginala, mkulu wa m'boti lawo amene amalondolera kumene kuli usipa. Ndi iwowa amene anawagwira miyendo tsiku lija. Ndi bambo wanthabwala, wa mawu aakulu.

"Salamu aleikumu! Kodi mkango uja ndi uwu wasanduka mphakawu? Alamu, mwamuchita chiyani mnyamata wanga?"

Ndinawayalira mkeka pakhonde, ndinagwada kuwapatsa moni. Anandipatsa jumbo, ndipo ndinalandira ndi manja awiri.

"Kabuledi ndi kashuga ka odwala. Mumupatse yekha atsegule, aone kuti anzake timamukumbuka."

Amuna anga sanayang'ane asiginala. Maso awo anali pa jumbo.

Ndinalowa nayo m'nyumba. Sindikudziwa chimene chinandichititsa kuti ndipisemo dzanja. Pansi pa buledi panali kapepala kopindapinda, ndipo m'katimo munali makapisozi aja, obiriwira ndi achikasu. Ndinawadziwa. Ndinakhala ndikuwapeza m'matumba a kabudula pochapa. Apo ndinakumbukira kuti dzulo lake amuna anga anapita ndi foni kuseri kwa nyumba.

Panja asiginala ankaseka, akunena kuti mwera watha, usipa wachuluka, malo a mnyamata wawo akudikira. Kenaka anatsanzika.

Amuna anga analowa atagwira khoma.

"Bweretsa jumbo ija."

"Ndikudulireni buledi?"

"Ndati jumbo."

"Adokotala anati..."

"Adokotala ndiwo anakukwatira? Iwe, tandiyang'ana. Mafupa akundisweka. Kamodzi kokha, ndigoneko. Mawa tipitiriza za adokotala akozo."

Sanayambe andimenyapo. Koma tsiku limenelo anandigwira pamkono mwamphamvu moti mwana kumbuyo anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Dzanja lawo linali lonyowa ndi thukuta. Ndinawamvera chisoni, ndisaname. Ndinaganiza kuti mwina kamodzi si kanthu. Koma pakapepala paja sipanali kamodzi. Ndikanataya m'chimbudzi, foni inali ikadalipo, ndipo jumbo ina ikanabwera.

M'mimba mwawo munawapotokola, anandisiya n'kupinda msana. Ine ndinatuluka ndi jumbo.

"Ukupita kuti? Amake mwana! Ubwerere kuno!"

Sindinacheuke. Ndinadziwa kuti sangandithamangitse.

Kwathu kuno mphatso ya wodwala sabweza. Ngakhale akupatse chinthu chimene sudya, umalandira n'kuthokoza. Kubweza ndi kunena kuti munthuyo ndi mfiti. Ndinkadziwa zimenezi njira yonse, ndikudutsa pakati pa mathandala oyanikapo usipa, amayi akundifunsa za odwala, ine ndikungoti aliko. Mchenga unkawotcha mapazi.

Padoko azibambo anali pansi pa mtengo, akusoka ukonde. Ndinali ndisanafikepo pamalo amenewo ndekha. Asiginala anandiona ndikadali patali.

"Alamu! Buledi wachepa? Kapena mwabwera kudzalowa m'malo mwa amuna anu? Tikupatsani chingwe mukoke!"

Onse anaseka. Ndinagwada pamchenga, ndinaika jumbo patsogolo pawo, ndinatulutsa kapepala kaja n'kukatambasula pamwamba pa buledi kuti aliyense aone. Kuseka kunatha.

Ndinayang'ana ukonde m'malo moyang'ana nkhope zawo.

"Pepani bambo. Tsiku lija munawagwira miyendo ndinu, ndipo ndimathokoza. Koma adokotala anati akamwanso awa akhoza kugwa osadzukanso. Ulendo winawo mukadzalephera kuwagwira, adzabwere kudzandiuza ndani? Inu nomwe?"

Mawu anga anali aang'ono, koma anamveka. Bambo wina wachikulire anapitiriza kusoka, akupukusa mutu.

Asiginala anatola kapepalako n'kukaponya m'thumba la malaya.

"Anapempha yekha mwamuna wakoyo. Ine ndimati ndimuthandize. Basi, kamuuze kuti malo ake tapatsa wina. Azikoka chitenje chakocho."

Ndinadzuka, ndinasasa mchenga m'mawondo, ndinabwerera. Buledi ndinamusiya pomwepo.

Ndili m'njira azana ya masana inamveka. Ndinayamba kuthamanga, mwana akudumphadumpha kumbuyo. Sindinkadziwa chimene ndikapeze. Mwina andithamangitsa ndibwerere kwa Maganga. Mwina apita okha kukafuna kwina.

Ndinawapeza pakhonde, atafunda bulangete, mawondo ali pachibwano. M'nyumba zinthu zinali mbwee, mabeseni, zovala, ngakhale thumba la ufa analipisa. Sanapeze kanthu.

"Wakawauza chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse, ndi za malo awo m'boti zomwe.

Mano awo ankagundana.

"Wandivula pagulu," anatero.

"Eya."

"Aitana kale aja."

"Ndamva."

Ndinatsitsa mwana, ndinamasula mfundo. Anatambasula dzanja, ndinaikamo mlingo wa masana, osawonjezera. Anauyang'ana, anandiyang'ana ine, anameza ndi Thanzi.

M'boti lija sanabwereremo. Thupi litakhala m'malo anayamba kuthandiza pamathandala a achimwene awo, ntchito imene kale ankati ndi ya amayi. Asiginala mpaka lero tikakumana amayang'ana kumbali. Tulo ta amuna anga tinachedwa kubwerera, ndipo ine sindinasiye kupisa m'matumba pochapa.

Titapitanso kuchipatala sabata limenelo, adokotala anafunsa ngati panali tsiku limene anamwa ena apadera. Amuna anga anandiloza ndi chibwano.

"Funsani apolisi angawa."

Adokotala anandiyang'ana. Ulendo uno sanachite kundiuza kuti ndidzutse mutu.

"Palibe," ndinatero.