ANangozo ankaperekeza mlendo mpaka pakhomo pake

Uthenga unatipeza tili pamtondo, ine ndi mayi anga, tikukonola chimanga, gaga ali mbuu m'maso. Ndinali kamtsikana nthawi imeneyo. Tinangomva munthu akukuwa kumtunda kwa msewu, "Ali moyo! ANangozo ali moyo! Awasoka, adzuka, ayamba kale kulongolola!" Anali aJailosi, amuna awo, atangotsika lole yochokera ku Blantyre, chipewa chili m'manja, akuthamanga ngati si nkhalamba. Mayi anataya munsi, nthungululu lililili! Ine kulumpha, lichero pansi, nkhuku zinadya ukwati tsiku limenelo.

ANangozo anali oyandikana nafe kwathu kuno ku Magaleta, mpanda umodzi. Mayi ameneyo thupi, ee, thupi! Akakhala pamphasa, mphasa inkasowa. Ndikawakumbukira ndimamva fungo la utsi wa nkhuni za msuku ndi chigumu chikupsa m'masamba a nthochi, ndimamva phwete lawo likutsika phiri lisanafike lokha thupi. Paukwati olawa mchere anali iwo, pamaliro olawa mchere anali iwo, ndipo kulawa kwawo kunali kwa chipande chodzaza. Mawu oti "ayi" Mulungu anaiwala kuwaikira mkamwa.

Ndiye pamchombo panawatupa, matumbo akukankha kufuna kutuluka. Ku chipatala chachikulu anawang'amba, kubwezera matumbo, kusoka. Koma anawapatsa mawu olimba: "Mayi, thupi ili likapanda kutsika, msoko uphulika, ndipo kachiwiri sitikulonjezani kuti mudzadzuka. Muzidya pang'ono."

Atabwera kumudzi, anthu anayamba kudzawazonda. Inu mukudziwa, wodwala sazondedwa chimanjamanja. Uyu nkhuku, uyu zitumbuwa, uyu futali, uyu kachewere wokazinga, uyu chigubu cha thobwa. Onse mawu amodzi: "Idyani, thupi libwerere!" AJailosi nawonso ali pomwepo: "Idyani aNangozo, musandichititse manyazi. Mukaonda anthu ati ndikukumanani."

ANangozo misozi ili lengelenge. "Ndikane bwanji mbale ya munthu amene wakwera phiri chifukwa cha ine?" Ankadya. Msoko ukukoka, iwo akudya.

Adokotala a pachipatala chathu chaching'ono, bambo wamtali wochokera kumpoto, atawagwira pamimba anapukusa mutu. "Amama, tsekani chitseko. Alendo asalowe mpaka thupi litsike."

Anatsekadi. Iii, munthu wa anthu kumutsekera! Alipo anthu amene lamulo lotere limawayanja. Amalume anga anasiya fodya m'mawa wina osauza munthu, mpaka kufa osamukhudzanso. Koma mtima wa aNangozo sunali umenewo. Nyimbo zinatha pakhomo paja. Ankangokhala m'nyumba, woyankhula naye palibe, dzanja lili m'dengu la mtedza, kuswa, kutafuna, kuswa, kutafuna. Thupi m'malo motsika, linakwera. Mayi anga ankayang'ana chitseko chija n'kunena chapansipansi kuti, "Tiwataya amenewa."

Tsiku lina kunabwera aNajere, mnzawo wovina naye chitelele, wa kutsidya kwa mtsinje, atasenza chigumu. Amenewo aNangozo analephera kuwabweza. Anatsegula, anabenthula kachidutswa, kulawa, kuthokoza. Zimene zinatsatira ankazifotokoza okha pachitsime mpaka tonse tinaziloweza.

ANajere potsanzika, iwo akuti, "Dikirani ndikuperekezeni, ndikalekeza pamtengo wa mango paja." Anayamba nkhani ya mkamwini wina amene anabisa nyama m'chipewa. Kufika pamango, nkhani isanathe. "Tifike pamtsinje ndimalize." Kufika pamtsinje, nkhani yabereka inzake. Anawoloka, anakwera chitunda, wefuwefu, kupuma, kuyankhula, wefuwefu, mpaka pakhomo pa aNajere.

ANajere akuti, "Iii asisi, ndiye mubwerere nokha muli ndi bala? Ndikuperekezeni."

Anaperekezana, anaperekezana. Dzuwa litapendeka aJailosi anapita kukawafuna, anawapeza pakati pa njira atagwirana m'mapewa, akuseka.

"Kodi mlendo ndani apa?"

"Tonse!"

Chigumu chija tinamaliza ndife ana. ANangozo anafika, kumwa madzi, phala pang'ono, tulo. M'mawa anadzuka akuimba, ndipo anaitana mayi anga pampanda: "Anzanga, ndapeza mankhwala. Pakamwa pakamayankhula sipatafuna!"

Kuyambira pamenepo chitseko chinali chotsegula. Mlendo abwere ndi mbale, iwo alandire ndi manja awiri, alawe kachidutswa kuti mwini asadandaule, mbale aisiye pakhonde kwa amene ali ndi njala, basi nsalu m'chiuno: "Tiyeni ndikuperekezeni." Anapekanso kanyimbo kawo:

Perekeze, perekeze mlendo wanga,
mbale ikhale, mwendo upite!

Tinkakamva kakutsika kudambo, kakukwera m'minda ya tirigu, kakubwerera mawu atasasa. Anthu anadziwa kuti kukazonda aNangozo ndi ulendo. AFilimoni opala mipini ankasiya moni pampanda n'kuthawa, koma ankagwidwabe. Ngakhale anyamata ogulitsa makadi a chipani, amene ena tinkawabisala m'nkhokwe, iwo ankawaperekeza ndi nkhani mpaka anyamatawo kupepesa, "Mayi, bwererani, tafika."

Sindinganame kuti zinayenda zosalala ayi. Paukwati wa mwana wa mchemwali wawo chipande chinawanyenga, analawa mpaka anagona akubuula, atagwira pamsoko. Tinachita mantha tonse. Koma kutacha anadziseka okha, n'kuperekeza akuchimuna mpaka pomwe anakakwerera basi.

AJailosi okha ndiwo ankang'ung'udza. "Onani khosi latuluka. Anthu akundinena ku tchalitchi."

ANangozo anaika manja m'chiuno. "Abambo, sankhani. Mukufuna mkazi wonenepa kumanda, kapena woonda pakhonde pano akukusokosani?"

Sabata yomweyo aJailosi anapita ku Zalewa kukagulitsa mananchesi, pobwera anatulutsa nsapato zansalu m'thumba, kuziika pamphasa. "Miyala yachuluka m'njira zanuzi," basi mawu awo anali omwewo.

Ine lero ndine gogo, ndipo anamwino anandipeza ndi shuga, akuti nanenso ndichepetse. Mng'ono wanga anauzidwa zomwezo, iye amayeza chakudya ndi kakapu, ali phee, ndipo zikumuyendera. Ine kakapu kanandikanika. Mtima wanga ndi wolongolola, ndiye mukadzandichezera mudzavale nsapato zolimba.

Koma dikirani ndimalize. Tirigu atadulidwa, aNangozo anapita kwa adokotala amtali aja. Anawagwira pamimba, anawakweza pasikelo, anawatsitsa, anawakwezanso. "Amama, msoko wagwira. Mwatani kodi? Munatsekadi chitseko?"

"Ndinatsegula, mwana wanga!"

Anabwera akuvina kuchokera kumsewu. Nsalu yawo yachipani yovala pokavina, imene kale inkakana kukumana m'chiuno mwawo, inazungulira n'kutsalako ya mfundo. Ng'oma inalira dzuwa lili pamutu, fumbi kobo, nthungululu mapiri kuyankha. Ndipo anabwera, ee, anabwera! Anabwera aNajere ndi ana awo aakazi, anabwera aFilimoni osathawanso, anabwera aEsitere azamba, aNamaseko a ku Nsambe ndi mwana kumbuyo, aDayitoni oimba ng'oma, aGiladisi ndi aRozina amapasa aja, aNankhoma osaona atagwidwa dzanja, amalume anga aWisikesi, mayi anga aNabanda, ine Felesiya, ndi aJailosi, chipewa m'mwamba, akuvina kutsogolo kwa tonse ndi mkazi wawo woonda.