Malo a Nambala Teni

Pasukulu yathu ya sekondale yoyendera, tsiku lotsekera teremu ahedi ankaitana ana khumi okha m'kalasi iliyonse. Ankayambira nambala teni kukwera mpaka wani, aliyense n'kukaima kutsogolo, makolo akuwomba m'manja. Enafe tinkangokhala pa kapinga, maso ali pansi. Malipoti ankatipatsa pambuyo pake, anthu atabalalika kale.

Atsibweni anga, mchimwene wa amayi, za lipoti analibe nazo ntchito. Kwa iwo mwana amene sanaitanidwe kutsogolo walephera, basi. Chimwalirireni bambo, mawu onse pa ife anali awo, paja mwini mbumba ndi malume. Teremu yoyamba ya Folomu 3 ndinakhala nambala 26. Iwo anakwera njinga yawo osandipatsa ngakhale moni, ndipo titafika kunyumba analankhula ndi amayi ngati kuti ine palibe.

"Achemwali, mwanayu tikungomutayitsa nthawi. Chaka chino chikatha osamva dzina lake, apita ku Limbe. Kuli banja likufuna mtsikana wolera mwana."

Amayi anangoti, "Tamva."

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma mtsikana sabweza mawu kwa atsibweni ake. Ndinkaopa Limbe kuposa matenda. Atsikana omwe anapitako ndinkawaona akabwera pa Khirisimasi, manja atatha ndi sopo, sukulu osaitchulanso.

Amene anandigwira dzanja anali mnzanga wokhala naye desiki imodzi. Bambo ake ankathyola tiyi ku esiteti, ndipo banja lawo linkakhala m'nyumba za kampani zomwe timati kumalaini. Mnzangayo nambala teni anaigwira ngati munda wa makolo ake. Teremu iliyonse dzina loyamba kuitanidwa linali lake, ndipo ankakaima kumapeto kwa mzere, pafupi ndi muzu wa mtengo wa mango. Nditamuuza za ku Limbe anandiseka.

"Iwe mutu uli nawo, koma umaupalasa ngati njinga yopanda tcheni. Loweruka ubwere kwathu."

Ndinayamba kupitako. Tinkakhala pakhonde pawo, chiperoni chitaphimba phiri, zala zitauma ndi kuzizira. Kaphunzitsidwe kake kanali kotopetsa. Ankadzipusitsa dala, ine n'kumamufotokozera masamu ngati ndine mphunzitsi. Ndikangomaliza, iye amvekere, "Chifukwa?" Ndikayankha, "Chifukwa?" Tsiku lina ndinamuponyera kope kumaso n'kunyamuka. Iye anangolitola, kulipukuta, n'kufunsanso funso lomwelo.

Teremu yachiwiri ndinakhala nambala 14. Ndinathamangira kwa atsibweni ndi lipoti m'manja, iwo osaliyang'ana n'komwe.

"Folotini ndiye chiyani? Ine dzina lako sindinalimve."

Pakati pa teremu yachitatu bambo a mnzanga uja anadwala msana, dengu la tiyi linawakanika, ntchito n'kutha. Kumalaini ntchito ikatha, nyumba nayonso yatha. Munda analibe, chifukwa agogo ake anachokera ku Mozambiki kudzagwira ntchito yomweyo, ndipo bambo akewo anabadwira pa esiteti pomwepo. Anakapempha malo kwa achibale kupitirira Nkando, kutali koti munthu sangayende wapansi kubwera kusukulu kwathu. Ndinawapeza akumanga mphasa ndi mapoto panjinga. Mnzangayo anandiuza kuti akakhazikika akapeza malo pasukulu ina. Tonse awiri tinadziwa kuti anali mawu ongotsanzikirana.

Mayeso ndinalemba ndili ndekha padesiki. Pa funso lililonse la masamu ndinkamva mawu ake akundifunsa chifukwa.

Tsiku lotsekera, ahedi atafika pa Folomu 3, dzina loyamba kutuluka pakamwa pawo linali langa. Amayi anaimba nthungululu, n'kuthamanga ndi ufa womwe anabisa m'kansalu, kundithira kumutu mpaka m'maso. Atsibweni anavula chipewa n'kumachigwedeza m'mwamba, akuuza aliyense kuti kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Ine ndinayenda kukaima kumapeto kwa mzere, phazi langa n'kugunda muzu wa mango uja.

Masamu ndinali nditawadziwa tsopano, ndipo awa anali osavuta. Mnzangayo sindinamuposepo ngakhale kamodzi. Akanakhalapo, ine ndikanakhala nambala 11, pa kapinga, katundu wa ku Limbe akundidikira. Ndinalira pamzere pomwepo, misozi ikusakanikirana ndi ufa, anthu n'kumati taonani chimwemwe. Sichinali chimwemwe ayi. Mtima unkandiwawa, ndipo nthawi yomweyo ndinkamva kuti ndapulumuka, zinthu ziwiri zimene mpaka lero sindinathe kuzilekanitsa.

Pa holide atsibweni ananditenga kupita ku Limbe komweko, koma kukandigulira nsapato za Folomu 4. Minibasi itaima pa Nkando, ogulitsa anaunjikana pamawindo monga mwa masiku onse. Pakati pa nthochi ndi mazira owiritsa ndinaona nkhope ya mnzanga uja, beseni la nanazi lili pamutu. Anali ataonda, koma maso anali omwe aja.

"Iwe! Wakhala nambala chani?" anafuula.

"Teni."

Anaseka mpaka beseni kugwedezeka. "Ndiye waima pamalo panga! Muzu uja sunakupunthwitse?"

Ndinafuna kumufunsa za sukulu, koma kondakitala anali atamenya kale chitseko. Iye anatsitsa nanazi imodzi n'kuiponya pamiyendo panga kudzera pawindo, galimoto ikuyenda. Sindinamuonenso kuchokera tsiku limenelo, ngakhale ndimayang'ana nthawi zonse ndikamadutsa pa Nkando.

Atsibweni anatembenuka kuyang'ana m'mbuyo.

"Ameneyo ndani?"

"Tinali kalasi imodzi."

Anapukusa mutu momumvera chisoni. "Waona mathero a ana osalimbikira? Iwe uziyamika kuti ndinakuopseza."

Mtsikana sabweza mawu kwa atsibweni ake. Ndinangoigwira nanazi ija mpaka ku Limbe, minga yake ikundibaya m'manja.