Ndinakana Mwana Wanga pa Nyimba

Ndimagulitsa nthochi pa Nyimba, pomwe mabasi amaima. Tsiku lina panafika amai a ku Lusaka ndi kamela yaikulu. Anati sajambula anthu oima chilili ngati pa chitupa. Amajambula moyo mmene ulili, n'kukapachika zithunzizo kuti anthu a m'tauni aziona.

Mwana wanga Dalitso anali atakhala m'fumbi, mamina mpaka pakamwa, kabudula wong'ambika. Ndinagwila nsonga ya chitenje kuti ndimupukute.

"Musiyeni choncho, akuoneka bwino," anatelo amaiwo. "Ndi wanu?"

Manyazi anandigwila. Ndinaloza akulu anga, amake Chisomo, amene amagulitsa pafupi nane.

"Ndi wa awo," ndinatelo, maso ali pansi.

Patapita milungu amai a ku Lusaka aja anabwelanso ndi chithunzi chachikulu, n'kuchipeleka kwa akulu angawo ndi manja awili. "Mwana wanu ndi wokongola, amai."

Akulu anga analandila n'kuthokoza. Ine ndinangosanja nthochi zosanjika kale.

Lelo chithunzicho chili pakhoma kunyumba kwao. Nditachipempha anaseka. "Iwe, si unandipatsa wekha mwanayu pamaso pa mlendo?"

Ndilibe chithunzi china cha Dalitso ali wamng'ono choncho, foni ndilibenso. Ndikapita kumeneko ndimachiyang'ana mobisa. Mwanayo wagwila chitenje changa ndi kadzanja kafumbi, akuyang'ana m'mwamba kwa ine, akuseka. Ine ndimaonekamo miyendo yokha, nayonso yaloza kumbali ngati ya munthu amene akufuna kuthawa.